Bwana Thangwiyanji ndi Maloto a Dorika

Lolemba, 6 Okutobala 1924

Kutentha kwa lero, abale inu! Ngakhale nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasa. Sukulu tatseka, ana onse ali kotola thonje lotsala, ndiye ndimati sabata ino ndipumeko. Ayi ndithu. Bwana wa mishoni watsika kuphiri m'mawa ndi mlendo, mzungu wamtali ngati nsungwi, mphuno yosupuka ndi dzuwa. "Elisha, ndakubwereketsa kwa bwana uyu. Uzimumasulira." Ndakubwereketsa! Ngati khasu.

Mlendoyo si mbusa, si wa boma, sagula thonje. Akuti amaphunzitsa pa sukulu yaikulu kwawo, ndipo ntchito yake ndi kufufuza chipembedzo. Ndinafunsa kuti chipembedzo chiti. Akuti chilichonse. Ndinafunsa ngati akufuna kulowamo kapena kutulutsamo anthu. Akuti ayi, akungofuna kudziwa kuti chimachokera kuti ndipo chimawachitira chiyani anthu. Bwana wa mishoni pamenepo anakhosomola n'kuyang'ana kumitambo. Awiriwa sakondana, ndaona kale.

Akhala nafe kuno kwa Ndamera, m'hema, pansi pa bwemba wa pasukulu.

Madzulo ndinadzera kuchitsime, poti njira ya kwathu ingathe kudzera kumeneko munthu akafuna. Dorika analipo. Anati, "Mwaswera, aphunzitsi," ine n'kuiwala kuti ndimadziwa zilankhulo zitatu. Ndilembe pano, poti buku ili silinena kwa munthu: mkazi ameneyu ndikumufuna ukwati, iyenso sakundithawa. Chotchinga n'chimodzi. Mwamuna wake Kaitano anapita ku minda ya nzimbe ya ku Zambezi njala ija isanagwe, osabwerako, osatumiza ngakhale moni. Ena akuti anafa, ena akuti ali ku Beira. Mkulu wake wa Kaitano, a Sebastiano, akuti maliro osaona mtembo iwo sameta. Ndipo abale akapanda kumeta, a mishoni nawonso samuyesa munthu wamasiye. Ndiye tili pamenepo. Dorika si wokwatiwa, si wamasiye, ine ndimangodzera kuchitsime.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mzungu wapeza dzina. Tinayamba ndi a Jeremiya, mkulu wa mpingo wathu. Mumapemphera chifukwa chiyani? Mumavula chipewa chifukwa chiyani? Akazi amakhala kumanzere chifukwa chiyani? A Jeremiya anayankha mpaka malovu anauma. Kenako tinapita kwa amayi a Chisena amene ankapeta mapira, ine n'kumangobwereza "thangwi yanji, thangwi yanji," poti ndimo mmene iwo amanenera chifukwa chiyani. Pofika masana ana onse akuti Bwana Thangwiyanji. Iye wakondwa nalo, walilemba. Ine muno ndizingoti Bwana T., inki ndi yodula.

Popuma anandisimbira mkangano wa kwawo. Akuti anthu ophunzira agawika pawiri. Ena akuti chipembedzo chimabadwa anthu akasonkhana: akaimba pamodzi, kudya pamodzi, kulira pamodzi, amamva mphamvu yoposa ya munthu mmodzi, n'kuitcha mzimu kapena Mulungu, chonsecho ndi mudzi wawo womwewo. Ena akuti bodza, chimabadwa mumtima mwa munthu payekha, m'mantha ake ndi m'maloto ake. Iye wabwera kudzaona kuti akunena zoona ndani.

Ndinati, "Nanga Mwini wakeyo munamufunsako?" Anaseka mpaka magalasi anagwa, n'kulembanso zimenezo. Munthu uyu ungayetsemule, alemba.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kwa a Sebastiano kunali nsembe m'mawa, kupempha makolo kuti mvula chaka chino isachite manyazi. Bwana T. anati tipite. Ine ndinati sindingathe, munthu wa mpingo akapezeka pa kachisi amadulidwa. Anati nanga amva bwanji? Tinapangana chonchi: iye akhale pafupi, ine ndiime kunja kwa bwalo, kuseri kwa nkhokwe ya mapira, ndizimasulira mokweza. Ndiye tangoganizani. Akuluakulu akuomba m'manja mwaulemu, a Sebastiano akuthira mowa pansi, ine ndili kukuwa Chingerezi kuseri kwa nkhokwe ngati woingitsa mbalame m'munda. Galu wina anandiuwa mpaka nsembe kutha.

Chodabwitsa, kachisi weniweniyo mzungu sanamuyang'ane n'komwe. Maso ali pa anthu. Ndani wakhala pafupi ndi yani, ndani wayamba kumwa, ndani wapatsidwa chikho pomalizira, ndani sanabwere. Pobwerera anandiuza kuti amuna awiri amene anakhala mofulatirana ali ndi mlandu, komabe amwera chikho chimodzi. Ndipo n'zoona, a Antonio ndi mlamu wawo akulimbirana dimba. Akuti, "Waona, Elisha? Mvula kaya ibwera kaya sibwera, nsembe yagwira kale ntchito." Ndinati mawu amenewo asakawanene kwa a Sebastiano ngati akufuna kupatsidwanso mpando.

Koma ine khutu linali pena. Pa nsembe amatchula maina a akufa, mmodzimmodzi, kuti aliyense alandire. Ndinamvetsera mpaka kuiwala kumasulira. Atate awo, agogo awo, mlongo wawo amene anagwidwa ndi ng'ona. Dzina la Kaitano silinatuluke. Mulungu andikhululukire, ndinabwerera kunyumba wokhumudwa kuti munthu sanatchulidwe pakati pa akufa.

Lachisanu, 10 Okutobala

Bwana T. wadya mlamba wootcha ndi tsabola wa mlongo wanga Esinala. Kwa nthawi yoyamba sanafunse kanthu.

Loweruka, 11 Okutobala

Lero ndagwidwa ine. Akuti ndimuuze mmene ndinatembenukira mtima. Kodi ndinamva mawu? Kodi ndinagwa pansi? Kodi ndinali nditadwala, kapena atate anali atangomwalira? Anali ndi njala nazo zimenezi, akuti kwawo pali anthu amene amangosonkhanitsa nkhani za kutembenuka mtima basi, n'kumaziika m'magulu ngati thonje pamsika, loyera uku, lothimbirira uku.

Ndinamuuza zoona. Ndinapita kusukulu poti kunali sileti ndi malaya. Anakondwa, pensulo pepepe. Ndinati, "Bwana, mulembenso kuti malayawo anang'ambika kalekale, koma ine ndikadali momo." Iye akuti, "Thangwi yanji?" Aaa, munthu uyu. Ndinati ndikanadziwa bwenzi ndine mphunzitsi wa sukulu yaikulu.

Lamulungu, 12 Okutobala

Wabwera kutchalitchi, wakhala kumbuyo. Ndimayesa mwina Mawu amugwira. Titatuluka anandionetsa zimene anajambula: ndani anakhala kutsogolo, ndani anachedwa dala kuti nsalu yatsopano ionedwe, ndani anasinza. Muyeso womwe uja wa pa kachisi! Ndinapsa mtima. Ndinati, "Bwana, muno ndi m'nyumba ya Mulungu, si kuseri kwa nkhokwe kuja." Anati iye sakutsutsa, koma anthu ake ndi omwewo.

Kenako akuti, "Pali china sindinamvetse. Woyambitsa nyimbo amayang'ana kumanzere nthawi zonse, pamene pamakhala mayi wa mpango wofiira. Ndi mwambo?"

Woyambitsa nyimbo ndine. Wa mpango wofiira ndi Dorika. Ndinati inde bwana, ndi mwambo wakale kwambiri. Walemba.

Lolemba, 13 Okutobala

Akuti za kusonkhana zakwana, tsopano tiyese mbali inayo, ya mtima. Akufuna maloto. Anayamba kupempha anga. Ndinati mphunzitsi salota, amagona atatopa.

Woyamba kubwera anali a Imelda, amayi aja oumba mbiya. Analota mano awo onse akugwera m'mbale ngati chimanga chosola. Bwana T. analemba, anafunsa za ubwana wawo, za atate awo, n'kutseka buku. "Zikomo." Basi. A Imelda anakhalabe pamphasa. Mzungu anamwetulira. Iwo ali phee, manja pamiyendo. Mzungu anayang'ana ine.

Vuto lake ndi ili, ndipo mwana aliyense kuno amalidziwa: maloto safunsidwa ngati njira. Wofunsa mnzake maloto ndiye kuti amadziwa kumasulira, ndipo akamva ayenera kunena chochita. Kumulanda munthu maloto n'kumubweza chimanjamanja kuli ngati kumutula mtolo, kuumasula, n'kumusenzetsanso uli balala. Ndinamufotokozera bwana. Anati iye si woombeza, sanganene kanthu, zingaononge kafukufuku wake. Nanga ine nditani, mayi wamkulu ali pamphasa, maso ali pa ine?

Ndinakhosomola. Ndinati, "Bwana akuti musaope, si maliro. Akuti muli ndi mawu amene mwawasunga mkamwa nthawi yaitali, mukawanene kwa mwini wake." Ndinatero poti mudzi wonse ukudziwa kuti a Imelda ndi mpongozi wawo sapatsana moto. Anaomba m'manja, "Takhuta, takhuta," ndiye zikomo wa Chisena ameneyo, n'kunyamuka ngati mtsikana.

Bwana anafunsa kuti ndati chiyani. Ndinati ndangowatsanzika.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ha! Pansi pa bwemba palibe poponda. Anthu akufika dzuwa lisanatuluke, ena achokera kwa Malemia. Yamveka kuti a Imelda anapita kwa mpongozi wawo, analalatirana bwinobwino, analira, tsopano akudyera mbale imodzi. Ndiye mzungu wa maloto watchuka.

Kachitidwe kake ndi aka. Munthu anena maloto, ine ndimasulira. Bwana T. alemba n'kudzinenera yekha mawu awiri atatu, monga "mantha a njala" kapena "atate ankhanza". Ine ndikhosomola, n'kupereka chigamulo. A Antonio analota ng'ona itavala chipewa cha mlamu wawo: bwana akuti dimba mugawane, malire akhale pa mgwalangwa. Mkamwini wina analota akumira m'phala: bwana akuti apongozi ako uwapatse nkhuku. Nkhuku zayenda lero m'mudzi muno! A Jeremiya nawo anabwera, mkulu wa mpingo ndithu, chipewa chili kumaso, akuti amangodutsa. Analota akulalikira atavala nsalu ya akazi awo. Bwana akuti ulaliki muzifupikitsa. Chimenecho ndinamva kukoma pochinena.

Sindikunama kwenikweni. Ndikungowonjezerako, monga mchere m'ndiwo za mlendo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Bwana T. wafunsa kuti bwanji iye akanena mawu awiri ine ndimalalikira. Ndati Chimang'anja n'chachitali, chimayamba chadzera kwa apongozi chisanafike pa nkhani. Walemba.

Esinala sanaseke. Akuti, "Achimwene, chakomachakoma pusi anagwa chagada." Ndati pusi ameneyo sanaphunzire ku mishoni. Akuti ophunzirawo ndiwo amagwa bwino.

Lachisanu, 17 Okutobala

Bwana akudabwa kuti anthu a kuno amalota nkhuku kwambiri. Lero lokha apongozi angapo alota akamwini awo akubwera ndi tambala. Akuti mwina nkhuku m'mitima ya Amang'anja imaimira amayi. Ndati mwina.

Loweruka, 18 Okutobala

Pusi uja wayamba kuterereka.

A Sebastiano anabwera masana, ndodo m'manja, osakhala pamzere. Anandiitanira pambali. Akuti mlamu wawo Dorika walota Kaitano, ndipo kunyumba kwawo agawika: ena akuti ndi maloto a munthu wakufa, ena akuti ndi a munthu wobwera. "Ife kuombeza tinaombeza, ula unanena pawiri. Koma mzungu uyu sadziwa munthu kuno, alibe mbale, alibe chimene angadyepo. Lolemba ndibwera naye mlamu. Akati mng'ono wanga anafa, timeta, tiphika mowa, mlamu apite kumene afuna. Akati ayi, adikire. Nkhabe kulonga pinango." Ndiye kuti nkhani ikathera pomwepo.

Alibe chimene angadyepo! Ndinangoti chabwino. Mzungu alibe, zoona. Koma pakamwa pa mzungu ndine.

Liwu limodzi lokha: anafa. Ndikangonena limenelo, Khirisimasi isanafike ndili ndi mkazi m'nyumba. Palibe angadziwe, Chimang'anja cha bwana chimathera pa "zikomo" ndi "madzi". Ndakondwa mpaka kuimba, kenako ndachita mantha mpaka kulephera kudya. Esinala wapatsa galu gawo langa.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kalasi ya ofuna ubatizo lero inali pa malamulo, ndipo mwa malamulo onse tinafika pa otsiriza aja, la umboni wonama ndi la mkazi wa mnzako. Sindinasankhe ine, m'pamene tinalekezera. Ndinaphunzitsa mothamanga ngati wodutsa pamchenga wotentha. Nyimbo ndinayambitsa ndikuyang'ana kumanja, kwa amuna, mpaka a Jeremiya anadzipukuta kumaso kuyesa ali ndi kanthu. Ulaliki wawo unali waufupi.

Ndaganiza tsiku lonse. Nkhuku ya apongozi ndi nkhuku, dimba ndi dimba. Koma kumuika munthu m'manda ndi lilime, kuti ndikalowe m'nyumba mwake? Nanga akatulukira mawa bokosi lili pamutu, n'kupeza anammeta, dzina lake likuthiridwa mowa, mkazi ali kwa ine? Komanso akapanda kutulukira, Dorika akalambire pachitsime? Mutu wanga wagawika ngati anthu ophunzira a kwawo kwa Bwana T.

Lolemba, 20 Okutobala

Ndilembe zonse dzanja lisanakane.

Anthu anadzaza mpaka kumpanda wa sukulu. A Sebastiano anakhala pampando wanga wophunzitsira, abale awo kumbuyo. Dorika pamphasa, mpango wofiira uja, maso pansi. Ananena pang'onopang'ono, momveka, osaphonya.

Akuti anali kudooko, akuchapa. Kunabwera bwato lopanda wopalasa, likukwera madzi lokha. Mmenemo munali Kaitano, atafunda nsalu yoyera kuyambira kumutu. Sanatsike, ndipo mapazi ake sanaoneke. Anangoti, "Ndili ndi ludzu, bwanji simundiphikira mowa wanga?" Dorika anatunga madzi kumupatsa, iye anakana, bwato n'kutembenuka kumka kumunsi.

Anthu anang'ung'udza. Amayi ena anayamba kale kupukusa mitu. Koma a Sebastiano anati nsalu yoyera amavala a ntchito kwa Azungu, ndipo ludzu ndi la munthu wapaulendo. "Anene mzungu."

Ndinamasulira zonse osasiya kanthu. Bwana T. maso anawala, pensulo ikuthamanga. Ndinamuuzanso chimene anthu akudikira, kuti akufuna kudziwa ngati mwamunayo ali moyo. Anavula magalasi. Anati, ndipo ananena mofatsa, zimenezo iye sangadziwe, ndipo palibe maloto amene angadziwe. Maloto sanena za munthu amene ali kutali, amanena za wolotayo. Chimene iye akuona n'chakuti mtima wa mayi uyu sunamumasule mwamuna wake.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinakhosomola monga mwa masiku onse. Liwu lija linali palilime penipeni. Ndinayang'ana a Sebastiano, n'kuona kuti atsamira ndodo, maso awo sakuchoka pakamwa panga. Munthu wamkulu uja ankaopa kumva kuti mng'ono wake anafa. Ndiye ndinanena zimene bwana ananena, ndendende, osawonjezera ngakhale kamchere.

A Sebastiano anausa moyo. "Mwamva nonse. Sananene kuti anafa. Ndipo mtima wa mlamu ukadali kwathu. Adikire." Anandigwira chanza, akuti ndine mwana wa munthu.

Dorika anadzutsa mutu. Anandiyang'ana kamodzi kokha, anakonza mpango, n'kutsata alamu ake.

Ndachita bwino. Ndikudziwa kuti ndachita bwino. Nanga bwanji tulo sitikubwera?

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndinadzera kuchitsime. Dorika anali yekha. Sanati mwaswera.

"Aphunzitsi, munaphunzira zaka zingati ku mishoni?"

Ndinayamba kuwerenga zala. Anandidula.

"Maloto aja sindinalote. Ndinachita kuluka ndekha. Bwato lopanda wopalasa ndinaikamo, nsalu yoyera ndinaikamo, mapazi ndinachotsa, mowa ndinapempha. Ndikanaikamonso chiyani, manda enieniwo? Mwana woyamwa akanamasulira."

Ndinachita chibwibwi. Ndinafunsa ngati ankadziwa kuti zigamulo zija si za mzungu.

"Kuti ndi zanu? Akazi tonse tinadziwa kuyambira tsiku la a Imelda. Mzungu angadziwe bwanji kuti a Imelda sapatsana moto ndi mpongozi wawo? Amuna okha ndiwo sadziwa, ndipo tinapangana kumtsinje kuti tisawauze, poti zinthu zimayenda bwino." Anakoka chingwe, n'kuthira madzi mumtsuko. "Aliyense munamuwonjezera zanu. Nkhuku zinayenda, dimba linagawidwa, ngakhale a Jeremiya dzana anatitulutsa dzuwa lisanafike pamutu. Ine ndekha ndiye munandisungira choona."

Ndinati ndinaopa Mulungu, ndinaopanso kukwirira munthu wamoyo.

"Nanga ine si wamoyo?"

Ndinawerama kuti ndimuthandize. Sanalole n'komwe kuti ndimusenzetse mtsuko.

Lachitatu, 22 Okutobala

Bwana T. wayamba kumanga katundu, Lachisanu akwera sitima kumka ku Beira. Chimwemwe chake chosasimbika. Akuti mwa maloto onse amene watola, a Dorika ndiwo mfumu: ochokera pansi penipeni pa mtima, osakhudzidwa ndi dzanja la munthu. Akuti akawawerenga pamaso pa anthu ophunzira onse, ndipo a mbali ya kusonkhana aja akasowa chonena. Akanadziwa kuti maloto amenewo ali ndi msonkhano wonse wa akazi a kumtsinje kumbuyo kwake! Ndimuuze? Munthu wadyedwa ndi udzudzu masiku onsewa. Ndiponso ndikamuuza alemba, ndipo cholembedwa chimayenda. Ndinangoti inde bwana.

Kenako mkamwa mwanga mwatuluka mawu amene sindinawakonze. Ndamupempha anditenge mpaka ku Zambezi. Njanji imathera pamtsinje, anthu n'kuoloka pa sitima ya pamadzi, ndipo minda ya nzimbe ili chakumunsi kwake. Ngati ula sudziwa ndipo maloto sadziwa, akapitao a m'minda angadziwe. Munthu sasowa ngati singano. Wina anagona naye nyumba imodzi, wina anamuika m'manda kapena anamuona akupita.

Wavomera, akuti ndi kafukufuku wabwino. Bwana wa mishoni wandilola mpaka sukulu itatsegulidwa, wandipatsanso chiphaso choti Apwitikizi asandigwire chibalo. Esinala akulira, akuti chiphaso ndi pepala, ndipo asilikali a kumeneko sadziwa kuwerenga. Sakunama. Mantha ndili nawo, sindibisa.

Lachinayi, 23 Okutobala

Ndinapita kukanena kwa a Sebastiano. Anandiuza kuti Kaitano ali ndi chipsera pachibwano, ndipo amakonda kuimba akamagwira ntchito, mawu oipa koma okweza. Akuti ndikapeza manda ndibwere ndi munthu amene anaikako, ameta tsiku lomwelo. Ndikampeza wamoyo ndibwere naye yekhayo. Anandipatsa fodya wapanjira, ine wosasuta. Ndalandira.

Lachisanu, 24 Okutobala, m'sitima

Zilembo zikukhota, ndi sitima iyi, si ine.

Pasiteshoni panali piringupiringu, mabelo a thonje, mbuzi, amwenye akukuwa. Ndinali nditakwera kale, ndikukankhira bokosi la bwana pansi pa mpando, pamene ndinaona mpango wofiira pakati pa mabelo. Wayenda mtunda wonse uja, dzuwa lija. Anandipatsira pazenera kamtolo ka m'masamba a nthochi, nsomba zouma ndi mbatata yootcha. Akuti n'za bwana. Mudzi wonse ukudziwa kuti bwana sadya nsomba zouma.

"Mukapeza manda, mukamuthirireko madzi," anatero Dorika. "Sanali munthu woipa."

Ndinati chabwino. Ndinati, "Nanga ndikampeza wamoyo, ali ndi nyumba yake kumeneko, ndikamuuze kuti chiyani?"

Anayang'ana njanji kumene imalowera.

"Mukamuuze kuti kwawo kuli bwino, abale ake akumukumbuka."

"Basi?"

"Anga ndi omwewo."

Sitima inalira, n'kugwedezeka. Anayenda nayo pang'ono, dzanja lili pazenera, pafupi ndi langa.

"Koma aphunzitsi, ulendo uno mukawonjezereko."

Utsi unamuphimba ndisanayankhe. Ndakhala pansi, kamtolo kali pamiyendo, kakutenthabe.

Bwana T. wafunsa kuti mayi uja wati chiyani. Ndati wangotsanzika. Walemba.